Ndodo za Madoda: Masewero Amene Imvi Zimatenga Zikho

Magalamu 46. Kampira ka gofu sikaloledwa kupyola pamenepo. Kulemera kwake ngati dzira la nkhuku yachikuda basi. Kuti sikelo ya ogula soya pa Kamwendo ifike pa makilogalamu 50, pangafunike timipira 1,087. Dzenje loti kalowemo ndi masentimita 10.8, kukamwa kwa kapu yaikulu ya tiyi. Maenje 18 pa tsiku. Masiku anayi. Maenje 72. Wopambana ndi amene wamenya kochepa kuposa anzake onse.

Ulendo wake ndi wapansi. Makilomita 8 kapena 9 tsiku lililonse, dzuwa kapena mphepo. Pofika Lamlungu madzulo munthu amakhala atayenda mtunda ngati wochokera pa boma la Mchinji, kudutsa pa Mwami, mpaka kukaona nyumba za ku Chipata.

Pa mpira wamiyendo wosewera wa zaka 35 amayamba kukuwizidwa. Mdala akapume, akalere zidzukulu. Pa gofu wa zaka 35 ndi mwana wadzulo. Kuno ndodo ikakhala m'manja mwa gogo ndi yoyendera. Kumeneko gogo yemweyo ali nazo 14 m'chikwama, ndipo zikumubweretsera mamiliyoni.

Katswiri wa gofu woyandikana kwambiri ndi Kamwendo ali tsidya lina la malire. Dzina lake lokha likunena zonse: Madalitso Muthiya. Anabadwira ku Lusaka mu 1983. Ndodo anaigwira ali ndi zaka 6. Pofika zaka 15, Pulezidenti Frederick Chiluba anali atamuona kale, n'kuthandiza kuti mnyamatayo apeze njira ya ku America. Anakaphunzira ku University of New Mexico. Gofu si wachilendo kwa atsogoleri a ku Zambia: Kenneth Kaunda, mwana wa mphunzitsi wa mishoni wochokera ku Nyasaland, ankamukonda zedi, ndipo bwalo lili m'kati mwenimweni mwa mpanda wa State House.

June 2006, bwalo la Winged Foot, pafupi ndi New York. Mpikisano wa US Open, umodzi mwa inayi ikuluikulu ya padziko lonse. Unayamba mu 1895. Zaka 111 zathunthu, popanda Mzambia ngakhale mmodzi, popanda munthu wakuda wochokera mu Africa ngakhale mmodzi. Woyamba anali Muthiya, ali ndi zaka 23. Pakatha masiku awiri pa mipikisano yotere amapeta: oposa theka amauluzika ngati mankhusu, otsala ndiwo amasewera Loweruka ndi Lamlungu. Muthiya anapetedwa. Koma taonani amene anauluzika naye limodzi sabata imeneyo. Tiger Woods! Aka kanali koyamba kuti Woods apetedwe pa mpikisano waukulu chiyambire kusewera gofu wa malipiro.

Kenako zii. Mipikisano ing'onoing'ono ya ku Canada ndi ku America, ndege, mahotela, kupetedwa, kuyambiranso. Chikho chake choyamba pa Sunshine Tour, ligi yaikulu ya gofu kum'mwera kwa Africa, chinadza mu 2016 pa Wild Coast Sun, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku South Africa. Zaka 10 kuchokera pa Winged Foot. Mwana amene analowa Sitandade 1 chaka cha US Open ija anali atavala kale yunifolomu ya ku sekondale. Muthiya anali ndi zaka 33. Mu 2019, ali ndi 36, anakatenganso Uganda Open m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Msinkhu umene wampira amakhala akufunsira ntchito ya ukochi, iye ndiye akungopsa kumene.

Kum'mwera pang'ono, Zimbabwe. Nick Price anabadwira ku Durban mu 1957, n'kukulira mu Harare. Zikho zikuluzikulu zitatu, zonse atapyola zaka 35: PGA mu 1992, kenako British Open ndi PGA ina mu 1994, chaka chimene anakhala nambala wani padziko lonse. Ali ndi zaka 45 anapambananso ku Texas. Ali ndi 54, mu 2011, anamaliza maenje 18 pomenya ka 60 kokha pa mpikisano wa Toshiba Classic. Kuwerengera bwino, dzenje lililonse katatu ndi kachidutswa. Maenje ena kutalika kwake ndi theka la kilomita.

Price yemweyo ndiye anagwedeza bwalo la Augusta mu April 1986. Loweruka anamenya ka 63. Palibe anali atachitapo zimenezo pa mpikisano wa Masters, ndipo mpaka lero palibe watsika kuposa pamenepo. Koma Lamlungu lake nkhani inamulandidwa. Anailanda ndi mdala wa zaka 46 amene manyuzipepala anali atamuika kale m'bokosi. Jack Nicklaus. Chikwama atamunyamulira mwana wake womubala yekha. Maenje 9 omaliza anamenya ka 30. Tsiku lonse ka 65. Jekete yobiriwira ya wopambana Masters, yachisanu ndi chimodzi, chikho chachikulu cha nambala 18. Manambala awiri onsewo sanafikidwebe ndi munthu.

Galu wamkota sakandira pachabe.

Tsono pa nkhani ya kukana kukalamba, mfumu yake ndi ya ku Joni. Gary Player, wobadwa pa 1 November 1935. Bambo ake ankagwira ntchito pansi pa nthaka m'migodi ya golide, dera lomwelo kumene amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ankapita pa Wenela. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 8. Thupi lochepa, mita imodzi ndi masentimita 68. Zovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mu 1961 anakhala munthu woyamba wosakhala wa ku America kupambana Masters. Pofika 1965, ali ndi zaka 29, anali atatenga zikho zinayi zikuluzikulu zonse. Ena akanakhala pansi n'kumadya za m'nkhokwe. Iye ayi.

Masters anasewera maulendo 52. Palibe wina. Ulendo woyamba unali mu 1957, Mchinji ikutchedwabe Fort Manning, Chipata ili Fort Jameson, Kamuzu asanatsike ndege pa Chileka. Womaliza mu April 2009, Bingu wa Mutharika ali kalikiliki kukopa anthu kuti amusankhenso. Chitaganya chinatha, mbendera inasintha, chipani chimodzi chinabwera n'kupita, mapaundi anasanduka makwacha. Munthu mmodzimodzi, bwalo lomwelo, mwezi womwewo. Anaphonya chaka chimodzi chokha, 1973. Pomaliza anali ndi zaka 73.

British Open anasewera zaka 46 zotsatizana, 1956 mpaka 2001, osadumphitsa. Anaipambana mu 1959, 1968 ndi 1974. South African Open maulendo 13. Australian Open maulendo 7.

Tsiku lake lalikulu linadza ali ndi zaka 42. Masters ya 1978. M'mawa wa Lamlungu anali kumbuyo kwa wotsogola ndi 7, mpata umene pa gofu uli ngati timu yogonja 4-0 pa hafu. Pa maenje 10 omaliza, 7 anawamaliza pomenya kochepera muyezo woikidwa pa dzenje lililonse. Anamenya ka 64, napita kukakhala pansi kudikira. Otsogola anabwera mmodzimmodzi, aliyense kuperewera ndi kamodzi. Sabata yotsatira anapambananso. Sabata inayo, anapambananso. Zitatu zondondozana!

Atakwanitsa zaka 50 analowa ligi ya madoda, imene Amereka anaikhazikitsa mu 1980. Mpikisano woyamba umene analowa, mu 1985, anautenga. Zikho zikuluzikulu 9 ali mnyamata, zikuluzikulu 9 zina ali mdala. Chomaliza, Senior British Open ya 1997, ali ndi zaka 61. Wa m'boma kuno akanakhala atatha kale chaka akulondola penshoni ku Capital Hill.

Nanga maulendo? Mwiniwake amati wauluka mtunda woposa makilomita 24 miliyoni, kuposa wamasewero wina aliyense. Nambala yosalowa m'mutu. Kuzungulira dziko lapansi maulendo 600. Kupita kumwezi n'kubwerako maulendo 31. Msewu wa Lilongwe mpaka Mchinji, wodutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo, ndi makilomita pafupifupi 110. Kuti minibasi ifike pa mtunda wa Player iyenera kuuyenda maulendo oposa 218,000. Itamapita ndi kubwera kawiri pa tsiku, osaphonya Lamlungu, osaphulika tayala, osaima pa rodibuloko, ingathe zaka 149. Dalaivala, kondakitala, zidzukulu zawo, onse atapita. Ndipo ambiri mwa maulendo oyambirira anali a ndege zamakedzana zoima paliponse, mkazi wake Vivienne ali pambali, ana asanu ndi mmodzi ali pambuyo. Anakwatirana mu 1957. Imfa ndiyo inawalekanitsa mu 2021, patatha zaka 64.

Mabwalo a gofu amene kampani yake yajambula padziko lonse ndi oposa 400. Bwalo limodzi la maenje 18, ngati la Lilongwe Golf Club, limadya mahekitala 50 kapena kuposerapo. Minda ya mudzi wathunthu, yongomera kapinga wometedwa.

Ndiye April 2016, pa kampikisano ka maenje aafupi kochitika tsiku loti mawa Masters iyamba. Player, mdala wa zaka 80, aimika kampira, akweza ndodo, khwaa! Kampira kagwa pa kapinga, kagudubuzika, kagudubuzika, loo m'dzenje. Kumenya kamodzi kokha. Palibe wamkulu kuposa iye amene anachitapo zimenezo pamenepo.

Mbiri yakeyi ili ndi banga, ndipo silibisika. Ali mnyamata Player ankaikira kumbuyo boma la tsankho la kwawo, mpaka mu 1969 anthu okwiya anamuthira madzi oundana kumaso pa mpikisano ku America. Pambuyo pake anavomera kuti analakwa. Koma pa nthawi imene iye ankakwera ndege, mnzake wina waluso lofanana ankatsekeredwa pakhomo. Papwa Sewgolum, mmwenye wa ku Durban, wosapita kusukulu, woyamba ngati wonyamulira azungu zikwama. Ndodo ankaigwira chotembenuza, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, mosiyana ndi mabuku onse. Ndi kagwiridwe komweko anatenga Dutch Open katatu, 1959, 1960 ndi 1964. Natal Open kawiri, 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwo atagonjetsa Player yemwe. Chithunzi chake chinazungulira dziko lonse: katswiri akulandirira chikho panja, mvula ikugwa, chifukwa lamulo silinkamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Kenako boma linamuletsa mipikisano ya azungu, linamutsekeranso njira ya kunja. Anamwalira mu 1978 ali wosauka, asanakwanitse zaka 50. Chaka chomwecho Player akuvala jekete yobiriwira yachitatu. Ukalamba wa pa gofu ndi wokoma kwa amene analoledwa kuufika.

Kuphonya kowawa kuposa konse kunachitikira ku Turnberry, Scotland, mu July 2009. Tom Watson, zaka 59. Chiuno chochita kuikirira kuchipatala miyezi 9 yapitayo. Pa bwalo lomweli anapambanapo British Open mu 1977, ambiri mwa anyamata amene ankalimbana nawo tsopano asanabadwe kapena akukwawa. Masiku anayi mdala ali patsogolo kapena pafupi. Dzenje la 72. Kwatsala mamita awiri ndi theka. Kutalika kwa mphasa imodzi ndi kachidutswa. Kampira kakalowa, ndiye kuti mbiri ya wopambana wamkulu kuposa onse yasuntha ndi zaka 11 nthawi imodzi. Dzanja linazizira. Kampira kanafooka panjira. Pa maenje anayi owonjezera olekanitsa awiri ofanana, miyendo inali itatha, Stewart Cink n'kunyamula chikho pamaso pa khamu limene linkalirira wina.

Mbiri imeneyo inali ya Julius Boros, amene anatenga PGA mu 1968 ali ndi zaka 48. Inakhala zaka 53. Anaichotsa ndi Phil Mickelson wamanzere mu May 2021 pa Kiawah Island, atangotsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 51. Pa dzenje la 16 tsiku lomaliza anamenya kampira mamita 335. Mabwalo atatu a mpira ondondozana, n'kutsalako tchenji.

Sam Snead anapambana pa PGA Tour ali ndi zaka 52 ndi miyezi 10, ku Greensboro mu 1965, kachisanu ndi chitatu pa mpikisano umodzi womwewo. Mu 1979, ali ndi zaka 67, anamenya ka 67. Patapita masiku awiri, ka 66. Uku ndiko kunyada kwa madoda a gofu: nambala ya pa khadi kufanana ndi zaka zako, kapena kuchepera.

Pa luso limeneli palibe wofika pa Bernhard Langer wa ku Germany. Mwana wa mmisiri womanga nyumba, woyamba n'kunyamulira ena zikwama ali kamnyamata. Wobadwa mu 1957. Kinnah Phiri amangomuposa ndi zaka zitatu. Zigoli za Kinnah ndi nthano za agogo tsopano, koma Langer adakali pa bwalo. Masters anaitenga mu 1985 ndi 1993, komabe chuma chake chenicheni chadza ndi imvi. Mu ligi ya madoda wapambana maulendo 47. Hale Irwin anali ndi 45, anthu n'kumati nambala imeneyo idzaola ili pomwepo. Langer anaidutsa mu July 2023 potenga US Senior Open ali ndi zaka 65. Zikho zikuluzikulu za madoda 12. Ndalama zopitirira madola 35 miliyoni, zonse atakwanitsa kale zaka 50.

February 2024, mtsempha waukulu wa kuchidendene unaduka. Opaleshoni. Aliyense anati basi, mdala wafika pothera. Patatha miyezi itatu anali atabwerera. November chaka chomwecho ku Phoenix, ali ndi zaka 67, masiku atatu omaliza anamenya 64, 67, 66. Tsiku lililonse zaka zake kapena kuchepera. Pa dzenje lomaliza anagudubuza kampira mamita 9, kutalika kwa nyumba ya zipinda zitatu, mpaka m'dzenje. Zaka 18 zotsatizana, 2007 mpaka 2024, chaka chilichonse chikho. Mwana wobadwa tsiku la chikho choyamba anali akukonzekera mayeso a Fomu 4 pa tsiku la chomaliza.

Amayi nawo sanatsale. Snead ndi Woods ali ndi zipambano 82 aliyense, ndipo amuna amaimbira m'manja nambala imeneyo. Kathy Whitworth anali ndi 88. Chomaliza mu 1985, ali ndi zaka 45. JoAnne Carner anapulumuka kupeta pa ligi ya LPGA mu 2004 ali ndi zaka 65, akulimbana ndi atsikana a msinkhu wa zidzukulu zake. Mu 2021, pa US Senior Women's Open, gogo wa zaka 82 anamenya ka 82. M'mawa mwake ka 79.

Tsono kumenya kwakutali kuposa konse pa mpikisano. Apa maganizo amathamangira kwa chimnyamata cha zaka 25, mapewa ngati chitseko, ndodo yamakono ya chitsulo chopepuka. Ayi ndithu. Mike Austin, zaka 64. Pa 25 September 1974, bwalo la Winterwood ku Las Vegas, mpikisano wa madoda. Ndodo ya mutu wa mtengo. Mphepo ikuchokera kumbuyo, inde, koma mphepo yomweyo inkaombera onse. Kampira kananyamuka, kanapita, kanapitabe. Anzake anakafunafuna pafupi ndi dzenje, osakapeza. Kanali kutsogolo, katapyola dzenjelo ndi mamita pafupifupi 60. Muyezo wonse: mamita 471. Mabwalo a mpira anayi ndi theka. Munthu woyenda bwinobwino, wosasenza katundu, angathe mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi kuti akafike pamene kanagwera. Zaka zoposa 50 zadutsa, ndodo zasintha, timipira tasintha, anyamata akunyamula zitsulo usana ndi usiku, koma buku la Guinness likusungabe dzina la mdalayo. Chosekesa chake, akuti pobwerera kudzenje kuja anavutika nako kampirako mpaka kumenya kasanu, kuposa muyezo wa dzenjelo ndi kamodzi. Anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 95.

Wamkulu kuposa onse amene analowetsapo kampira pomenya kamodzi ndi Gus Andreone, mphunzitsi wa gofu wa ku America, msilikali wa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Anabadwa mu 1911, John Chilembwe adakali moyo ku Mbombwe. December 2014, bwalo la Palm Aire ku Sarasota, Florida. Dzenje lili pa mayadi 113, amene ndi mamita 103, golo ina kufika golo inzake. Gogo anaimika kampira, anamenya kamodzi, kanalowa. Mamita 103. Zaka zake tsiku limenelo zinali 103.